Chingwe cha Apongozi Anga

Mkazi wanga Lucrencia sadafike nafe m'madzi m'mawa umene tidanyamuka pa Inhassoro. Adaima pamchenga wouma, mwana ali kumsana, nandipatsa poto wa matapa, ndiwo za chigwada, womanga m'nsalu. M'malo monditsanzika adangoti, "Bambo angawo mubwere nawo."

Ndidaseka, koma iye sadaseke.

Apongozi angawo, a Rofino Zivane, adali atakwera kale kabwato kotiolotsera ku boti, chipewa chawo chamlaza chili pabondo. Adali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo makumi anayi mwa zakazo adazithera m'ngalawa yathanga kuseri kwa chilumba cha Bazaruto, akuwedza ndi chingwe chapamanja. Namondwe wa m'mwezi wa Malichi adaiphwanya ngalawayo. Kuyambira pamenepo ankangokhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo pathu, akusoka maukonde a anthu ena, thupi likutha pang'onopang'ono. Ndine ndidapempha Kaputeni Horacio, mnzanga wa paubwana, kuti awatenge pa ulendo wa masiku atatuwo, aziphika ndi kutilozera kumene kuli nyambo. Choncho chilichonse chowagwera chidali pamutu panga.

Mlendo wathu adali Dona Guilhermina a ku Maputo, mayi afupi a mapewa otambalala, amene adagwirapo unamwino asadatsegule masitolo awo a mankhwala. Tonse tinkangowatcha Dona Mina. Chaka chimenecho chidali chachinayi akubwera kudzafuna malini, nsomba yaikulu ija ya mlomo wonga mkondo, ndipo adali asadaigwirepo.

Ntchito yanga pa boti lathu, Andorinha, idali kugwira lida. Mlendo amalimbana ndi nsomba ali pampando, ndodo ili m'manja, koma mamita asanu ndi anayi omalizira kukafika pa mbedza ndi nayiloni wokhuthala ngati waya wa mpanda, amene salowa m'chokulungira cha pandodo. Ameneyo ndiye lida, ndipo amakokedwa ndi manja a munthu. Ndidali nditamugwira zaka khumi ndi chimodzi.

Tsiku loyamba lidayamba bwino. Apongozi adaima kutsogolo kwa boti akuyang'ana mtundu wa madzi ndi kaulukidwe ka mbalame, kenako adatambasula mkono kuloza kumpoto kwa nsanja ya nyali yotsogolera zombo. Pasadathe ola tidali ndi mabonito amoyo asanu ndi limodzi, nsomba zimene timakolera malini. Horacio, amene makina ake oonera pansi pa nyanja sadamuonetse kanthu m'mawa wonsewo, adati tsiku lina adzawazula makinawo n'kumangirirapo madalawo.

Dzuwa litapendeka kudakodwa bikuda. Ndi nsomba yachabechabe kwa ife, yamano ngati malezala, ndipo ndidaikwezera m'boti mopeputsa ndisadavale magolovesi. Idadzipinda kamodzi kokha. Nditayang'ana chikhatho changa chamanja ndidaona chitatseguka kuyambira patsinde pa chala chachikulu mpaka kumkono, m'kati mukuoneka zoyera.

"Zefa, malini onse aja anakulephera, lero wagonja kwa galu wa m'madzi uyu?" adandiseka Horacio ali pachiwongolero.

"Khalani chete a Kaputeni, ndikusoka," adatero Dona Mina.

Adandisoka mosamala, ulusi kasanu ndi katatu, namanga bandeji. Adandichenjeza kuti ndikakoka chilichonse cholemera kuposa kapu ya tiyi, mtsempha udzaduka ndipo chala sichidzapindikanso. Horacio adayamba kunena zobwerera kumtunda, popeza iye sangasiye chiwongolero nsomba ili pafupi, ndipo popanda wogwira lida palibe malini. Dona Mina sadatsutse. Adangoyang'ana ndodo zawo zinayi zimene adabwera nazo kuchokera ku Maputo, kenako adayang'ana kumbali.

Apongozi adali atanjuta pansi akutumbula bikuda ija. Osadzutsa mutu, adati, "Chingwe ndi chingwe. Ndigwira ine."

Ndili ndi zaka zitatu pa ntchitoyi, pa boti lina, ndidaona mnzanga Salimo akutengedwa ndi malini. Lida adamumanga dzanja, nsomba idalowa pansi, iye adatsatira ngati wadumphira dala. Madzi a kumeneko ndi oyera kwambiri moti tidamuona akupita. Malaya ake oyera adachepa kukhala ngati mbale, kenako ngati dzira, kenako padalibe kanthu. Sadakuwe n'komwe. Chipewa chake chidatsala chikuyandama, ndipo ndine ndidakachipereka kwa mayi ake.

Koma Horacio adali atavomera kale, ndipo nkhope ya Dona Mina idali itawala.

Tidaponya nangula kuseri kwa chilumba dzuwa likadalipo, ndipo idagwa nthawi yoti ndiwaphunzitse. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja ndi mwana wawo, ndidali ndisadadyepo nawo mbale imodzi, ndisadawagwirepo ngakhale paphewa. Mawu akuti "mwalakwitsa" sakadatuluka m'kamwa mwanga. Choncho ndidamangirira lida wakale ku chitsulo cha m'mbali mwa boti, ndidaima chowapatsa mbali, n'kumalankhula ngati ndikudzikumbutsa ndekha. Ndidaonetsa ndi dzanja lamanzere kuti chingwe chimazungulira chikhatho kawiri, mizere iwiriyo itagona moyandikana, osapingasana. Nsomba ikathawa, munthu amaloza zala kumene ikupitako n'kutambasula dzanja, ndipo chingwe chimavuka chokha. Ndidawonjeza kuti palibe chifukwa chokakamira, pakuti dzanja likangokhudza lida nsombayo yawerengedwa kale kuti mlendo waigwira. Timangoibaya kachizindikiro pamsana, n'kuimasula izipita.

Apongozi adamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti, mkamwini, nsomba ili m'madzi mumati mwaigwira?"

"Inde, bambo."

"Nanga ikakhala m'boti mumati mwaitani?"

Horacio adaseka mpaka kutsokomola. Iwo sadaseke, koma adavala magolovesi, nakulunga chingwe monga ndidaonetsera, nachitaya. Adabwereza katatu, katatu konse molondola, mwaukhondo kuposa mmene ine ndimachitira. Mtima udakhala pansi pang'ono.

Tsiku lachiwiri kudawomba mwera ndipo nyanja idakwiya. Malini sidaoneke. Masana kudakodwa tuna yolemera ngati thumba la simenti, ndipo Dona Mina adalimbana nayo theka la ola mpaka lida adatuluka m'madzi. Apongozi adamugwira bwinobwino, mizere iwiri yogona moyandikana. Kenako nsomba idakoka mwamphamvu, ndipo ndidaona dzanja lawo likuchita zake lokha. Lidaponya mzere wachitatu mopingasa pamwamba pa iwiri ija, chala chachikulu n'kupsinja. Ndiko kagwiridwe ka m'ngalawa, kumene nsomba yopulumuka ndi ana ogona ndi njala. Chingwe chogwidwa motero chimadziluma chokha, ndipo nsomba ikamakoka m'pamene chimalimbira.

Adatsamira kumbuyo, mawondo atakanikiza m'mbali mwa boti, ndipo tuna idabwera ngati mbuzi yokokedwa kumsika. Dona Mina adawomba m'manja. Horacio adaliza hutala. Palibe adaona kuti apongozi adatembenuka kuyang'ana kunyanja, n'kumamasula chingwecho ndi zala zamanzere, ndipo pomaliza ndi mano.

Ndidakwera kuchiwongolero.

"Horacio, amanga."

"Amanga chiyani?"

"Chingwe. Apingasa. Ikanakhala malini bwenzi pano tikuyang'ana chipewa."

Adandiyang'ana, kuseka kudamuthera. "Kawauze."

"Ndi apongozi anga, iwe."

"Ndiye ukufuna akanditafune ine? Wakwatira ndiwe, kuzunzika ndine."

Komabe adapita. Adadikira mpaka tidaponyanso nangula, apongozi atatiphikira tuna ya kokonati ndi chinangwa. Ine ndidakhala pakhomo la kachipinda ndi mbale yanga, iwo adakhala kumbuyo kwa boti ndi yawo. Horacio adayamba ndi kuyamikira ndiwo, nati mayi ake omubereka sadaphikepo chotero. Kenako adalowa m'nkhani mosekaseka.

"Madala, ya mawa ikakhala yaikulu muzitaya msanga. Ikakana kutayika musadandaule, Zefa ali ndi kampeni."

Apongozi adasiya kutafuna. "Kampeni ka chiyani?"

"Kodulira lida basi. Ndi mmene timachitira."

Adaika mbale pansi. Adalankhula motsitsa, maso ali pa Horacio, koma ndidadziwa kuti mawuwo ndi anga. Adati kuchilumba kumene adabadwira munthu akhoza kukubera nkhafi mukakhululukirana, akhoza kukutukwanira mayi mukamwera limodzi mawa lake, koma sakhudza chingwe chako chili ndi nsomba. Wodula chingwe cha mnzake wanena pamaso pa anthu kuti mnzakeyo si mwamuna wa m'nyanja.

"Munthu wondidulira chingwe sindikwera naye bwato limodzi," adatero. "Pakhomo pake sindilowa."

Sizidali zongoopseza. Ndidaidziwa nkhani ya mng'ono wawo Anselmo, amene adawadulira chingwe tsiku lina zingwe zawo zitakolana pa nsomba yaikulu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sadalankhulane. Pamaliro a Anselmo ndidalipo, ndipo ndidawaona apongozi ataima kunja kwa mpanda mpaka mwambo udatha. Tsopano ankakhala pabwalo panga, m'kanyumba kamene ndidawamangira, ndipo kwina kopita adalibe.

Dona Mina adayesa kunena kuti kwa iwo nsomba si yofunika kuposa munthu. Apongozi adawayankha mwaulemu kuti mayi asadere nkhawa, nsomba yawo adzaiona m'maso.

M'mawa wa tsiku lachitatu mphepo idaleka. Nyanja idagona, yosalala ngati yothiridwa mafuta, madzi ali obiriwira mpaka pansi. Ndidapeza apongozi akuwiritsa tiyi, ndipo ndidaima pakhomo nthawi yaitali ndikusonkhanitsa mawu. Ndidatulutsa kampeni kokhota kamene ndimavala m'khosi, n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndikuganiza kuti munthu akadula yekha chingwe chake palibe mlandu.

"Bambo, mwina mungakasunge ndinu. Dzanja nthawi zina..."

"Mkamwini, tiyi akuzizira."

Adakalandira, nakapachika pa msomali wa makapu. Atatuluka ndidakatenga n'kukavalanso pansi pa malaya.

Pomanga nyambo m'mawa umenewo ndidaganiza zoimanga molakwika kuti ife msanga. Ndidaganiza zobisa mbedza zikuluzikulu. Koma Dona Mina adali atakhala kale pampando, atamanga malamba, milomo ikuyenda chamumtima, ndipo ndidachita manyazi. Ndidaimanga bwino bonito ija n'kuitsitsira m'madzi. Pa boti lonse ndine ndekha ndinkapemphera kuti malini isabwere.

Idabwera itangokwana teni koloko. Poyamba bonito idayamba kuthawathawa pamwamba pa madzi. Kenako kumbuyo kwake kudatuluka chipsepse chakuda, chachitali ngati mkono wa munthu, ndipo madzi adabowoka. Chokulungira chidalira. Horacio adawerenga mpaka khumi kuti nsomba imeze nyambo, nathamangitsa boti, ndodo n'kupindika.

Nsombayo idadumpha patali ngati mabwalo awiri a mpira, komabe tidamva kugwa kwake. Idatuluka yonse, yakuda pamsana, yonenepa ngati ng'ombe yamphongo, ikupukusa mutu. Idadumpha kasanu. Horacio, amene pakamwa pake sipatsekeka, adangoti, "Mayi wanga ine," motsitsa kwambiri. Pa zaka zanga zonse ndidali ndisadaonepo yoposa imeneyo.

Ndewuyo idatenga maola atatu. Boti linkabwerera chambuyo kutsata chingwe, mafunde akulowa kumbuyo n'kumatimiza mpaka m'mawondo. Dona Mina ankakulunga pang'ono, nsomba n'kulanda zonse, iwo n'kuyambiranso. Ine ndinkatembenuza mpando ndi dzanja lamanzere ndi kuwathira madzi m'mutu. Ola lachiwiri litatha manja awo adatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Horacio adawafunsa ngati akufuna kupuma.

"Ndinabereketsa amayi usiku wonse kwa zaka makumi awiri," adatero akupuma mwabefu. "Yendetsani boti lanu, a Kaputeni."

Nthawi yonseyo apongozi adaima pakona, atavala magolovesi. Maso awo adali pamene chingwe chidalowera m'madzi. Zala zawo zamanja zinkatseka ndi kutseguka zokha.

Cha m'ma wani koloko chingwe chidayamba kukwera. Ndidaona mthunzi pansi pa boti, wotalika kuposa m'lifupi mwa boti lenilenilo. Ndidatenga ndodo ya kachizindikiro ndi dzanja lamanzere. Chimene chidandiopsa kwambiri n'chakuti nsombayo idali isadatope. Mizere ya m'nthiti mwake inkawala ngati magetsi, ndipo inkasambira momasuka ngati yabwera yokha kudzationa.

Lida adatuluka m'madzi. Apongozi adatambasula mkono namugwira.

"Yawerengedwa," adafuula Horacio. "Dona Mina, yanu imeneyo. Madala, pang'onopang'ono."

Adakulunga kawiri, molondola. Adakoka, nasinthira kumanzere, nakokanso. Nsomba idakwera mpaka msana wake udatuluka pafupi ndi boti, moti ndikadaugwira. Idagona cham'mbali n'kutiyang'ana ndi diso lalikulu ngati sosala. Mlomo wake wonga mkondo udali wokhuthala ngati mpini wa khasu. Ndidakweza ndodo kuti ndibaye kachizindikiro, koma maso anga sadali pa nsomba. Adali pa dzanja la apongozi.

Nsomba idapukusa mutu kamodzi. Dzanja lija lidaponya mzere wachitatu.

"Tayani, madala," adatero Horacio. "Yatha ntchito, tayani."

Sadataye. Adatsamira kumbuyo, mawondo atakanikiza m'mbali, monga adachitira ndi tuna, monga adachitira zaka makumi anayi. Kwa kamphindi zidaoneka ngati aigonjetsa. Kenako malini idaloza mutu pansi, mchira wake udatuluka m'madzi n'kumenya kamodzi.

Ndidaona zidendene zawo zikuchoka pansi.

Sindikumbukira kutaya ndodo ija. Ndikumbukira kuti mimba yawo idagunda m'mbali mwa boti, mutu ndi mapewa zidalowa m'madzi, miyendo ili m'mwamba. Ndidalowetsa dzanja langa labandeji m'lamba wawo n'kufumbata. Ndidamva ulusi wa Dona Mina ukuduka umodziumodzi m'chikhatho. Kulemera kwake sikudali kwa munthu. Kudali ngati ndagwira lole yotsika phiri. Mawondo anga adatsetsereka, chifuwa changa chidakwera m'mbali mwa boti, ndipo ndidadziwa kuti tikupita tonse awiri. Kumbuyo wina adandigwira miyendo. Adali Dona Mina, amene adadziponya pansi malamba akadali m'chiuno.

Ndi dzanja lamanzere ndidasolola kampeni. Lida adali kutsogolo kwa dzanja lawo, pansi pa madzi, ndipo kuti ndimufikire ndidayenera kumiza mutu. Nditatsegula maso ndidaona zonse bwinobwino monga tsiku la Salimo. Ndidaona nkhope ya apongozi, maso ali tong'o, thovu likutuluka m'mphuno. Kupyola apo ndidaona nsomba ikutsika mumdima wobiriwira umene ulibe pansi. Ndidatsetsereza kampeni pa mkono wawo kutsikira kudzanja, ndipo pamenepo ndidaona chinthu chimene sindidauzepo munthu aliyense kwathu. Dzanja lawo lidali lotambasuka. Zala zonse zisanu zidali zitaloza kumene nsomba ikupita, monga ndidawaonetsera. Adali atataya. Chingwe ndicho chidakana kuwataya.

Ndidakola koyamba, kampeni kadaterereka. Lamba wawo adayamba kupulumuka m'zala zanga. Ndidakola kachiwiri n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene ndidatsala nazo. Padamveka kulira ngati kwa waya wa gitala, ndipo kulemera konse kudachoka nthawi imodzi.

Tidagwera m'boti chagada, atatu tonse, m'madzi ofiira ndi magazi anga. Apongozi adasanza madzi amchere nthawi yaitali. Horacio adatsika kuchiwongolero, nayesa kumasula chingwe chotsala padzanja lawo, koma chidali chitaboola golovesi n'kulowa m'mnofu. Adachita kuchidula m'malo atatu ndi pulayala. Zala ziwiri zidali zitathyoka.

Dona Mina adawamanga zalazo ndi timitengo ta supuni, kenako adandisokanso ine, misozi ikutsika koma manja osagwedera. Adati chala changa chachikulu tikachionetse kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo sadalonjeze kanthu za icho. Za nsomba yawo, imene adaidikira zaka zinayi, palibe adatchulako.

Apongozi atapeza mpweya adatambasula dzanja lamanzere kwa Horacio. Adafuna chidutswa cha lida chimene chidali ndi podulidwa paja. Adachiyang'anitsitsa, nakhudza nsonga yake yosalala ndi chala, nachiika m'thumba la malaya. Ine sadandiyang'ane.

Ulendo wobwerera udatenga maola anayi. Iwo adakhala kutsogolo kwa boti atatifulatira, ine kumbuyo. Nditawatumizira madzi akumwa kudzera mwa Horacio, adalandira osafunsa kumene achokera. Ndinkayang'ana thumba la malaya lija ndi kuganiza za mpanda wa pamaliro a Anselmo. Ndinkaganiza za Lucrencia akuphika miphika iwiri, umodzi kunyamula kupita nawo kwina kumene bambo ake akakhale, ndi za mwana wanga akukula osaona agogo ake akulowa pakhomo pathu. Komabe nthawi iliyonse ndikatseka maso ndinkaona mdima wobiriwira uja, ndipo ndinkawatsegula msanga kuti ndione msana wawo uli pomwepo.

Tidafika pa Inhassoro madzi ataphwa, ngalawa zitagona cham'mbali pamchenga, asodzi akugawana nsomba. Horacio adali ataimba foni kuti galimoto litidikire, choncho mbiri idali itatitsogolera. Anthu adatizungulira tisadatuluke m'madzi. Lucrencia adali pamalo omwe aja. Adayang'ana bambo ake, adayang'ana ine, kenako adakhala pansi pamchenga.

Patsogolo pa gululo padali a Feniasse Manhice, mnzawo wa apongozi wa kuchilumba, nkhalamba ya diso limodzi imene idakwera nawo ngalawa imodzi zaka zambiri.

"Rofino, akuti nsomba inafuna kukukwatira," adatero. "Yapita bwanji? Iwe sutaya."

Apongozi adapisa m'thumba natulutsa chidutswa chija. Ndidamva mtima ukugunda m'bala la m'chikhatho.

"Chingwe chawochi n'chowola," adatero, mokweza kuti onse amve. "Chaduka chokha."

A Feniasse adachilandira nachisendeza pafupi ndi diso lawo labwino. Nayiloniyo adali watsopano, wonyezimira, ndipo nsonga yake idali yosalala monga mpeni wokha umasiyira. Mwana aliyense pagombe paja akadadziwa. Nkhalambayo idachitembenuza kawiri, kenako idayang'ana bandeji yanga yofiira ndi kampeni kamene kadali kakulendewera m'khosi mwanga, poti ndidaiwala kukabisa.

"Ee," adatero a Feniasse. "Zingwe za masiku ano."

Adachiponya m'madzi, ndipo anthu adayamba kubalalika kubwerera ku nsomba zawo.

Apongozi adayenda mpaka pamene padali Lucrencia, namuuza kuti adzuke, anthu akuona. Kenako adatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chichokereni m'madzi muja. Tonse awiri tidadziwa chimene ndidaona pansi paja, ndipo tonse awiri tidadziwa kuti sichidzanenedwa.

"Mkamwini, galimoto likudikira," adatero. "Khalani kutsogolo ndinu. Magazi mwataya ambiri."

Ndidakana mwaulemu monga kuyenera, iwo adaumirira, ndipo pomaliza tidakwera tonse kumbuyo, pabenchi imodzi, mapewa akugundana pa bampu iliyonse mpaka kuchipatala.